Chikhadabo chanu chija, amalume

Amalume, lero ndakukumbukani chifukwa cha njinga yamoto ija munandisiyira, ija inapangidwa ine ndisanabadwe. Dzulo m'mawa ndikuchokera ku ulonda ku Area 43, inayamba kufuka utsi wabuluu, mphamvu n'kuthera pachitunda. Ndinachita mantha. Mwana wathu Tadala amabanika nthawi zina, ndiye njingayi ikafa ndidzamuthamangitsa pa chiyani kuchipatala? Pomasula injini lero ndakumbukira tsiku lija pansi pa mtengo wanu ku Old Town, nditaona mizere m'kati mwa silinda n'kunena kuti basi yatha. Inu munaseka. Munalowetsa chikhadabo chanu chachitali chija, chimene amakaniki anzanu ankakusekani nacho kuti n'cha munthu waulesi, n'kuchiyendetsa pang'onopang'ono pakhoma la silinda. Munati, "Mphwanga, maso amakokomeza. Chikhadabo chikakodwa pamzere, silinda ipite ku makina. Chikangotsetsereka, sintha maringi, usiye kulira maliro a munthu wamoyo."

Lero ndapeza pisitoni yada pamwamba koma yosang'aluka, ringi imodzi yothyoka, ndi timizere tiwiri m'silinda. Ndayendetsa chikhadabo changa katatu konse. Sichinakodwe, amalume. Ndaika maringi atsopano, ndipo injini ikulira bwinobwino ngati kale. Amake Tadala akhala akundinena kuti, "Bambo a Tadala, wengani zikhadabozo, mudzandikandira mwana." Ndawamvera, ndawenga zonse. Ndangosiya chimodzi, cha kachala kakang'ono, monga munkachitira inu. Pitirizani kuusa mumtendere, njinga yanu ikuyenda.