Anzanga ku Mzuzu, Ine ku Chipatala

Ndinanyamuka pa Mlowe m'mawa, amayi a kunyanja akuyanika usipa. Ndinali Fomu 3, wogoletsa zigoli m'timu ya netibolo ya pasukulu pathu. Tsiku limenelo anzanga ankapita ku Mzuzu kukasewera ndime yomaliza ya mpikisano, koma ine ndinkapita ku chipatala cha ku Boma. Bondo langa linapotoka nditadumphira mpira, ndipo kuyambira pamenepo linkangotupa, nthawi zina n'kukana kuwongoka. Bambo sakanatha kusiya kalasi yawo, mayi anali kwathu ku Dedza. Ndinapita ndekha.

Mpaka pa Chiweta ndinakwera matola, mwendo nditausanjika pa dengu la nsomba za eni ake. Ndikudikira minibasi pamenepo, lole ya timu yathu inatulukira, atsikana akuyimba nyimbo ija tinkayimba tikagoletsa. Tiwonge, amene anatenga malo anga, anandiona n'kundibayibitsa. Ena sanandione. Ndinaimika dzanja mpaka lole inakhota.

M'minibasi anatipanikiza ngati matumba a chimanga, ndipo pokwera phiri la Chiweta bondo linkabaya pa kona iliyonse. Mayi wina wonyamula nthochi anandifunsa za bondolo m'Chitumbuka, ine n'kuyankha m'Chichewa.

"Mpira? Mwana msungwana kudzipweteka chifukwa cha mpira?" Anapukusa mutu, komabe anasuntha dengu lake kuti nditambasule mwendo. "Pepani chomene." Anatsikira pa Njakwa atandisiyira nthochi ziwiri pamiyendo.

Ku Boma ndinafika dzuwa lili pamutu. Pa benchi ya chipatala aliyense anali ndi womuperekeza. Adokotala anandigoneka, napinda bondo uku akulipotoza pang'ono. Linalira kuti "tho!" ine n'kukuwa.

"Fupa lili bwinobwino, mwana wanga," anatero. "Pakati pa mafupa a bondo pamakhala kanyama kolimba koteteza kuti asamakhulane. Kako kang'ambika. Ekisire sikaona."

"Ndidzaseweranso?"

"Ukafulumira, ayi. Ukadikira, mwina. Uli wamng'ono, kakhoza kupola kokha. Koma likapitiriza kukana kuwongoka, ubwerenso tikutumize ku Mzuzu akakasoke."

Anandionetsa kukweza mwendo uli wowongoka kuti ntchafu ilimbe. Anati mpira ndidzaugwire pokhapokha ndikamatha kunjuta ndi kudumpha ndi mwendo umodzi popanda ululu kapena kutupa.

Pa depoti ndinagula tchipisi. Kenako ndinauyamba ulendo wobwerera. Ndinkangoganiza za Tiwonge ataima pansi pa golo langa. Ndinkafuna timu ipambane, komanso mumtima ndinkaopa kuti ikapambana palibe adzandikumbuke.

Ndinafika kunyumba madzulo. Bambo anali pakhonde, ndipo anayamba ayang'ana bondo asanandiyang'ane kumaso.

"Ati bwanji adokotala?"

"Ati ndidikire, bambo."

"Mpaka liti?"

"Sananene."

Mawa lake tinamva kuti anzanga apambana. Sukulu yonse inathamangira kumsewu kukawachingamira. Ine kuthamanga kunali kosatheka. Ndinayala mphasa kuseri kwa nyumba, n'kugona chagada, n'kuyamba kukweza mwendo monga anandiphunzitsira, nthungululu zikumveka chapatali. M'bwalo ndinabwereramo chaka chotsatira, koma mpira wovuta kwambiri pa moyo wanga ndinausewera pa mphasa imeneyo, popanda wondiombera m'manja.