Mpando wa Kutsogolo pa Khwekhwerere

Apongozi anga aamuna ndinali ndisanawayankhulepo mwachindunji chikwatiwireni. Kwawo kwa amuna anga, cha ku Bembeke, mtengwa sacheza ndi apongozi ake ngati mnzake wa kuchigayo. Ukakhala ndi mawu umagwada patali n'kuuza amayi, apongozi aakazi, amayiwo ndi amene amakawatula. Ine kwathu amandidziwa kuti pakamwa panga sipazizira, koma mwambo umenewu ndinkausunga ndithu.

Tsikulo tinkapita ku Golomoti, ku chinkhoswe cha mlamu wanga wamng'ono. Amuna anga anali atatsogola dzulo lake ndi katundu. Tinatsala ine ndi khanda langa, apongozi onse awiri, ndi kagalimoto kawo koyera kakalekale. Pa ulendo uliwonse amayi ankakhala kutsogolo, pambali pa bambo. Azimayi a kutchalitchi ankawaseka kuti chikondi cha ukalamba chavuta. Iwo ankangomwetulira.

Titatsala pang'ono kunyamuka anafika amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali nkhoswe. Anabwera ndi jekete yonunkha m'bokosi, n'kutsegula chitseko cha kutsogolo, n'kukhala pampandopo.

"Achimwene, kumbuyoku n'kotakasuka bwino," anatero amayi, atagwira chitsekocho.

"Nkhoswe ikafike kwa eni mkazi ili kumbuyo ngati thumba la kachewere? Mukufuna akatiseke?"

Amayi anayang'ana bambo. Bambo anangoyang'ana chiwongolero. Basi amayi anadzakhala ndi ine.

Kunja kunacha bwino, mphepo yozizira, thambo lopanda kamtambo. Pamsewu waukulu tinayenda pang'onopang'ono mpaka anjinga ena ankatiyang'ana. Titakhota pa Masasa, amayi anasendera kutsogolo, n'kukhala pansonga pa mpando, n'kuyamba kulongolola. "Ee, ng'ombe izo zikufuna kudutsa. Taonani ana awa ali m'mbali kumanzereku. Dzenje lija sanalikwirirebe." Mumtima ndinati koma amayiwa lero adzuka ndi pakamwa. Amalume anatopa nazo.

"Chemwali, tawasiyani alamu ayendetse. Mwatisokosera!"

Anakweza wailesi. Amayi anakhala chete.

Amene sanadutsepo pa Khwekhwerere sangandimvetse. Umangoona dziko latha patsogolo pako. Pansi penipeni pali chigwa chonse cha Bwanje, midzi ikuoneka ting'onoting'ono, malata akuthwanima, ndipo msewu ukutsika mopindikapindika m'mbali mwa phiri. Anyamata anali atayala timagalimoto tawo tosema pamiyala. Kutali, kumanzere, kunali mzere wobiriwira wonyezimira. Kunena zoona, kunali kokongola.

"Amayi, auzeni apongozi aone nyanja," anatero bambo monyadira, akunena ine. "Si iyo."

Analoza kumanja, kumene kunali thanthwe loyera ndi udzu. Nyanja inali kwina.

Ndinachita zimene ndinali ndisanachitepo, ndinawayang'ana m'maso kudzera pa kagalasi koonera kumbuyo. Maso awo anali otuwa pakati, ngati madzi otsukira kapu ya mkaka. Ndinatembenukira kwa amayi, iwo anali atandigwira kale padzanja.

"Amayi, bambo akuona?" ndinanong'ona.

"Pafupi amaona. Kutali ndimawaonera ine. Ng'ala, mwana wanga. Khala chete."

Mayo ine! Ndiye ng'ombe zija, ana aja, dzenje lija, sikunali kulongolola. Maso a galimoto imeneyi anali atakhala kumbuyo ndi ine, ndipo amalume anali atawatseka pakamwa. Ndinayang'ana mwana wanga ali mtulo pamiyendo panga, kakamwa kali yasa.

"Auzeni aime."

"Pamaso pa alamu awo? Ukufuna ndiwavule?"

"Nanga tife chifukwa cha manyazi?"

Milomo yawo inkangoyenda, kaya ankapemphera, kaya ankatchula makona. Bambo msewuwo ankaudziwa pamtima, ankakhota bwino ndithu, koma kona iliyonse tayala linkadya miyala ya m'mbali, ndipo kuseri kwa miyalayo kunalibe kanthu, mpweya wokhawokha. Amalume ankagwedeza mutu ndi nyimbo ya pawailesi, n'kumasimba za mbuzi imene akatiphere. Ndinawada munthu ameneyo tsiku limenelo, ndinawada ndi jekete yawo yomwe.

Kenako ndinaona nthambi. Zinali zaziwisi, zoyalidwa pamsewu motalikirana, monga amachitira madalaivala galimoto ikawafera panjira. Mwana aliyense amadziwa kuti ukaona masamba otero, kutsogolo kuli chinthu chaima. Bambo anaponda nthambi yoyamba, thyo, osachepetsa liwiro. Anaponda ina.

"Bambo, masamba," anatero amayi, koma mawu awo anamira m'wailesi.

Kona inali pomwepo. Sindinaganize za mwambo, sindinaganize chilichonse. Ndinawagwira paphewa apongozi anga, dzanja langa ili, n'kukuwa ngati ndikuthamangitsa khwangwala.

"Imani! Imani, bambo, imani!"

Anaponda mabuleki. Mwana analira, amalume anagunda chipumi pagalasi, galimoto inakhwekhwereza matayala n'kuima. Patsogolo pathu panali chilole chodzaza makabichi, miyala ili kumatayala. Ndikanatulutsa mkono pawindo la kutsogolo ndikanachigwira.

Wailesi inkaimbabe. Amalume ndi amene anayamba kulankhula.

"Mtengwa wamtundu wanji wogwira apongozi ake? Kwanu anakulangani?"

Apo pakamwa panga panatseguka.

"Anandilanga, amalume. Koma tsikani. Mukhale kuno mundigwirire mwana, amayi apite kutsogolo. Mukakana, ine ndi mwana wanga tiyenda wapansi mpaka ku Golomoti, ndipo mukafotokoze nokha kwa bambo ake."

Amalume anayang'ana bambo kuti andidzudzule. Bambo anali atagwira chiwongolero ndi manja onse, thukuta lili kamukamu m'khosi ngakhale kunkazizira.

"Alamu, pitani kumbuyo," anatero motsitsa.

Amayi atakhala pamalo pawo anazimitsa wailesi, n'kuika dzanja pabondo la amuna awo. Tinalambalala chilole chija. Njira yonse yotsala ndinkangomva mawu awo apansipansi. "Pang'onopang'ono. Njinga ya makala kumanzere. Yadutsa. Kona ija ya mlatho ikubwera." Amalume anafungatira mwana, chipumi chitatupa.

Titafika kuchigwa kunali kotentha, milambe ili mbali zonse. Bambo anaimika galimoto pamthunzi, tisanalowe m'mudzi, n'kuzimitsa injini. Ndinadziwa kuti mlandu wanga wafika. Ndinatsika, ndinatenga mwana, n'kugwada pafumbi patali ndi chitseko chawo.

Iwo anatsika n'kubwera pomwe ndinali. Sanatume amayi.

"Apongozi, nyanja ija inaoneka lero?"

"Inaoneka, bambo."

"Bwinobwino?"

"Bwinobwino. Inali yobiriwira."

Anagwedeza mutu kanthawi. Kenako anawerama, anafufuza kadzanja ka mwana wanga mpaka anakapeza, n'kuikamo makiyi a galimoto.

"Ukawapatse bambo ako," anamuuza. "Agogo afika."

Mwanayo anangowatengera kukamwa. Ine misozi inali itayamba kale, ndipo sindinawalande msanga.