Chimbale chimene Chisomo anagwadira

Ndikukumbukira fungo la m'nyumba mwa anti Maureen, mayi a ku Ireland amene tinkayandikana nawo khomo m'nyumba zosanja za ku Sighthill, mumzinda wa Glasgow: buledi wopserera, fodya, ndi majuzi onyowa oyanikidwa pa hita. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira kumeneko kukamvera chimbale chimodzi chokha. Chinali chachiwiri cha gulu lina la kwawo loimba ndi magitala aukali. Anti ankati choyamba chinali cha zibwenzi chabe, koma chachiwirichi ndicho chinamveketsa kutali za ana ofera m'ziwawa za kwawo. Woimba wake anali mkazi, mawu ake ankathyokera pakhosi ngati a munthu wolira maliro. Nyimbo zonse ndinaziloweza, ndipo anti anali atalonjeza kudzandibwereka chimbalecho pa holide.

Kenako kunabwera Chisomo, mtsikana mnzanga, mwana wa amalume, kuchokera ku Dedza, ndipo amayi analamula kuti ndizipita naye kulikonse. Tsiku lotsekera sukulu anti Maureen anatulutsa chimbale chija n'kutambasula dzanja, ine ndili jijirijijiri ndi zingwe za nsapato pakhomo. Chisomo, poona wamkulu akupereka kanthu, anagwada pakapeti n'kulandira ndi manja awiri, maso pansi.

Anti anagwira pachifuwa, misozi ili lengelenge. "Ndi chako, mwanangu, usabweze," anatero.

Nsanje inandiotcha mpaka m'makutu. Zaka ziwiri ndikuwagulira mkaka, kulandira masikono ndi dzanja limodzi n'kuthokoza chothamanga ngati ana onse a ku Glasgow, wina angogwada kamodzi basi. Ndinakadandaula kwa amayi, iwo anandiyankha osasiya kusita: "Maondo uli nawo iwenso."

Chowawa kwambiri, Chisomo nyimbozo sankazifuna n'komwe, ankati n'zaphokoso. Anakulunga chimbalecho m'chitenje n'kuchitsekera m'sutikesi, poti mphatso ya munthu wamkulu saseweretsa. Ndinatha mwezi osamulankhula, ndipo kwa anti Maureen ndinasiya kupitako, kudikira kuti andiitane. Sanandiitane.

Lero nyumba zosanja zija anazigwetsa, nyimbozo zili pafoni, ana anga amamvera osapempha munthu. Anti Maureen anamwalira chaka chatha. Pamaliro mwana wawo anandiona, munthu wakuda ndekha m'tchalitchi monsemo, n'kudzandikumbatira. "Ndiwe mtsikana anagwada uja? Amayi sankatopa kukamba za iwe."

Ndinavomera.