Ziro wa Mayi wa ku Chipangali

Chaka chimenecho ndinkagwira ntchito m'kachipinda kopanda zenera kuseri kwa sitolo ina ku Kapata. Tinkapanga webusaiti yolembetsera alimi oti alandire mbewu. Tinalimo awiri, ine ndi abwana.

Khodi iliyonse imene ndalemba, ndiye kuti malangizo ouza kompyuta zochita, inkayamba yadutsa m'pulogalamu yoifufuza zolakwika isanayambe kugwira ntchito. Tsiku lina pulogalamuyo inakana mzere umodzi, n'kuuonetsa mofiira. Ndinali nditalemba kuti ngati pa fomu ya mlimi, pa malo olembapo kukula kwa munda wa thonje, palibe kanthu, fomuyo ikanidwe. Iyo inati ndimveketse: ndikunena mlimi amene sanayankhe, kapena amene walemba ziro? Mmene ndinalembera, kompyuta inkawatenga awiriwo ngati munthu mmodzi.

"Abwana, yakananso. Ndipatseni mpaka mawa ndione bwino."

"Mawa liti? Mitambo ukuiona? Itseke pakamwa, zipite lero."

Ndinaika kachizindikiro kouza pulogalamuyo kuti mzere umenewo iulumphe. Kufiira kunachoka, webusaiti n'kuyamba kugwira ntchito.

Patatha milungu itatu, mvula itagwa kale, kunabwera mayi wina wachikulire wochokera ku Chipangali, chitenje chili matope okhaokha. Anati anzake onse alandira mbewu ya mtedza, koma dzina lake kulibe.

"Thonje mumalima, amayi?" ndinafunsa.

"Ayi mwanawe, linanditopetsa kale. Wolemba uja anaika ziro, ine ndikuona."

Abwana anandiyang'ana kamodzi, kenako anatembenukira kwa mayiyo.

"Pepani amayi, ndi netiweki."

Ndinkadziwa kuti si netiweki. Koma kunyumba kunali ana awiri ndi amayi anga odwala, ndipo ntchito ya mtundu umenewu m'Chipata muno siipezeka kawiri. Ndinangoyang'ana pa kiyibodi.

Mayiyo atatuluka ndinakonza mzerewo, mosatenga ndi mphindi zisanu zomwe. Ndinalemba momveka kuti wokanidwa ndi yekhayo amene sanayankhe, ziro ndi yankho. Kenako ndinafufuza ena okanidwa chimodzimodzi. Analipo ambiri, ochokera ku Kasenengwa ndi ku Chipangali komweko. Ndinawaonetsa abwana.

"Mbewu inatha. Ukufuna nditani?"

Ndinakhalabe pa ntchitoyo zaka zina ziwiri, pampando womwewo. Mainawo ndinawasunga m'kompyuta yanga, osawatumiza kulikonse. Chaka chotsatira mayi uja sanabwerenso kudzalembetsa.