Chitsulo Chonyamula ndi Chitsulo Chaulesi

Sikelo yanga ya kubafa ndi imene inayambitsa zonsezi. Chaka chimenecho bambo anga anali atabwera kudzakhala nane kuno kutsidya kwa nyanja, ku Manassas, mayi atatisiya, iwonso mtima utayamba kufooka. Ine ndine namwino, ndipo ndikaweruka unamwinowo sindiusiya kuchipatala, khalidwe limene ana anga amadandaula nalo mpaka lero. M'mawa uliwonse ndinkawakweza bambowo pa sikelo n'kulemba m'kope, chifukwa munthu wa nthenda imeneyi akangolemera mwadzidzidzi ndiye kuti madzi ayamba kudzadza m'thupi. Mchere ndinawaletsa. Kukwera masitepe ndinawaletsa. Hamala yawo, imene anabwera nayo kuchokera ku Ndirande atayikulunga m'chitenje cha mayi, ndinayibisa pamwamba pa kabati, popeza ankamwa mankhwala oti munthu akangodzicheka magazi saleka msanga.

Sanakangane nane. Ankangokhala pawindo tsiku lonse, ndipo akamatsika pa sikelo ankafunsa funso limodzi lokha: kodi tikiti yobwererera ndagula? Kwathu kunalibe wowasamala, ndipo ndinkadziwa kuti kuwakweza ndege kunali kuwaperekeza kumanda. Komabe ndinkaona ndi maso angawa kuti m'nyumba mwangamo akutha ngati makatani. Ndinkachita mantha, ndipo ine mantha amanditulukira ngati ukali.

Aneba athu ndi mzungu wamtali, wadazi, amene amayendetsa basi ya ana asukulu. Loweruka lina m'mawa anagogoda kudzabwereka sikelo. Ine n'kuyamba kumufunsa ngati akutupa miyendo, iye n'kuseka kuti wodwalayo si iye, ndi galimoto. Bambo Chingerezi amachidziwa, koma cha kunoko amati anthu ake amachilankhulira m'mphuno, choncho ndinawamasulira. Anadzuka n'kutenga chipewa. Ndinawatsatira, pakamwa ndikunena kuti ndikukalondera sikelo yanga.

Mugalaja munali galimoto yachikale ya zitseko ziwiri, yobiriwira, yopangidwa ine ndisanabadwe. Panja panali mipando yake, kapeti, nsalu ya kudenga ndi wailesi, zonse zabwinobwino. Mwiniwakeyo anafotokoza kuti akuikonzera mpikisano wa liwiro, ndiye chilichonse chosathandiza kuthamanga kapena kuima chiyenera kutuluka. Chimene wachotsa ankachiika pa sikelo n'kulemba kulemera kwake pakhoma ndi choko, akumwetulira ngati munthu amene watola.

Apa muyenera kuwamvetsa bambo anga. Moyo wawo wonse anaudyera kuwongola ndi kuwotcherera magalimoto, ndipo ntchito yawo inali yowonjezera: benchi ina mu minibasi, chitsulo china pansi kuti inyamule matumba ambiri. Kwa iwo ulemu wa galimoto unali katundu amene yasenza. Anasisita mpando umodzi n'kundinong'oneza kuti, "Munthuyu sabata yonse amanyamula ana a eni, ndiye Loweruka akufuna kunyamula mphepo." Ndinaseka, n'kuzindikira kuti papita miyezi ndisanawamve akunyogodola munthu.

Kenako aneba aja anatsegula bokosi n'kukhuthulira m'galimotomo timiyala toyera, ayezi amene akamasungunuka sasanduka madzi koma utsi. Pansi pa galimoto yotere pamakhala phula lokhuthala limene amamata kuti phokoso la msewu lisamalowe, ndiye ankafuna kulichotsa. Utsi woyera unadzadza m'katimo, n'kusefukira pazitseko, n'kutsikira pansi m'malo mokwera kumwamba. Unatikuta mapazi, wozizira ngati madzi a m'chitsime. Tili chiimire, phula lija, litauma ndi kuzizira, linayamba kuthetheka lokha ngati chimanga chokazinga. Aneba atangolimenya pang'ono linasweka zibenthuzibenthu, ndipo pansi pake panaoneka chitsulo choyera mbee, penti yake ngati yapakidwa dzulo. Pakona pena panali nambala yolembedwa pamanja, ya munthu wina wa kufakitale amene mwina anamwalira kalekale.

Bambo anavula chipewa. Anati iwo ntchito imeneyi inkawatengera masiku atatu, ndi palafini, ndi moto, ndi matuza m'manja. Magalimoto ndakwera ambiri, koma ndinali ndisanaonepo m'kati mwenimweni mwa galimoto. Inali ndi nthiti, inali ndi msana, chitsulo chilichonse chopindidwa mwadala kuti chigwire chinzake. Ndinachita nthumanzi yofanana ndi imene ndinachita tsiku loyamba kuona chifuwa cha munthu chitatsegulidwa, tili pasukulu ya unamwino.

Loweruka lotsatira bambo anatsika pa sikelo atavala kale nsapato. Tsiku limenelo aneba ankafuna kudula chipupa chachitsulo cha kuseri kwa mpando wakumbuyo, kuti papite mapaipi a khola limene limateteza woyendetsa galimoto ikagubuduka. Asanayambe, bambo anazungulira galimoto yonse akugogoda ndi chala, khutu ataligunditsa pachitsulo monga mmene ine ndimamvetserera mapapo a wodwala. Anandiuza kuti zitsulo zilipo ziwiri, chaulesi ndi chonyamula. Chaulesi chimalongolola ngati chitini chopanda kanthu, koma chonyamula chimayankha mwachidule, chifukwa chili pantchito.

Makina odulira atangolira, bambo anamugwira mkono mzunguyo.

"No, bwana," anatero. "Door no close."

Ine ndinali nditakuwa kale kuti, "Ababa, chokanipo, si safe!" Sananditembenukire n'komwe. Anangondiuza kuti ndimasulire bwinobwino, ndisachotsepo kanthu. Ali mnyamata, ku Ndirande ankadula magalimoto ang'onoang'ono kumbuyo kuti azinyamula makala. Yoyamba imene anadula okha inawerama pakati, zitseko sizinatsekekenso, ndipo mwini wake anayenda zaka akuzimanga ndi mphira, akuwatukwana paliponse pamene akumana. Chipupa ichi, anatero, n'chonyamula. Chichoke ndithu, koma ayambe wawotcherera mapaipi awiri ogwirizira.

Mzunguyo anakanda dazi lake n'kunena kuti anzake a pa intaneti amangodula, popeza khola likubwera kale. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti galu wamkota sakandira pachabe, koma ndinaona kuti ndikaumasulira mwambiwo adzangomva kuti ndawatcha bambo anga galu. Bambo anandituma ulusi wosokera. Anaumanga m'kati mwa galimoto kuchokera pakona kukafika pakona, kawiri, mopingasa, kuti ulusi uwiriwo ungokhudzana pakati. Ukasiyana, anatero, ndiye kuti galimoto yapindika, ngakhale diso lisaone. Kaya ndi ulusiwo, kaya ndi nkhope yawo, aneba aja anazimitsa makina n'kukatenga mapaipi.

Atamaliza kuwotcherera, bambo anakananso zodula. Anati chipupacho akufakitale anachilumikiza ndi timadontho towotcherera, ndipo chichoke mmene chinalowera. Ankayendetsa nsonga ya chala pa penti, maso atatsinzina, akapeza kadzenje kosaoneka n'kuikapo choko, mzunguyo n'kubowola pomwepo. Kadontho kamodzikamodzi, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekhako ndilibe. Ndinaima pakhomo la galaja, thonje ndi bandeji zili m'thumba, ndikuwerenga mpweya wawo. Sanapume mwabefu ngakhale kamodzi, ndipo zala zimene kunyumba zinkagwetsa supuni pano sizinaphonye.

Chipupa chija chinatuluka chathunthu, osapindika, mzunguyo atachinyamula m'manja. Tonse atatu tinasuzumira m'kati. Ulusi unali ukukhudzanabe. Bambo anapita pachitseko n'kuchikankha ndi chala chimodzi, ndipo chinatsekeka ndi kamawu kamodzi, khu. Aneba aja anachitsegula n'kuchitsekanso katatu konse, kenako anavula magolovesi n'kuwagwira bambo dzanja osalisiya. Ine ndinayang'ana kumbali. Munthu ameneyu ndinakula ndikumuona akubwera kunyumba ali bii ndi mafuta, ndikuchita naye manyazi anzanga akusekondale akamadutsa, ndipo sindinkadziwa kuti zala zake zimaona.

Pobwerera ndinanyamula sikelo, iwo ali patsogolo. Tili pakati pa kapinga anaima n'kunena, osandiyang'ana:

"Kuchotsa si kulakwa, mayi. Galimoto ija ithamanga. Koma suchotsa chonyamula usanaikepo china."

Ndinapsa mtima, sindibisa. Ine wosagona chifukwa cha iwo, ine wowerenga mapilisi, lero ndizipatsidwa miyambi ya m'galaja? Ndinalowa kukhitchini n'kutsuka mbale zotsuka kale. Koma mawu aja sanandichoke. Mayi anali atapita. Nyumba ya bambo, anzawo, msewu wawo wafumbi, zonse zinatsala kutsidya kwa nyanja. Pa zimene zinatsala, ine ndinachotsa chilichonse ndi mtima wabwino, ndikulemba m'kope, osagogoda n'kamodzi komwe kuti ndimve chimene chikuwanyamula.

Ndinakwera pampando n'kutsitsa hamala ija. Ndinaiika pabedi pawo ili m'chitenje momwemo, pamodzi ndi magolovesi achikopa okhuthala, chifukwa unamwino sutha tsiku limodzi. Pa chakudya palibe amene anaitchula.

Kutacha anakwera pa sikelo monga mwa masiku onse. Nambala inakwera ndi mapaundi awiri. Ndinagwada n'kuwadina akakolo kuti ndione ngati atupa, m'mutu ndikukonza kale zokauza dokotala. Akakolo anali bwinobwino. Ndikudzuka ndi pamene ndinaona mpini wakuda, wosalala ndi thukuta la zaka, utasuzumira m'thumba la jekete lawo.

"Ababa, tulutsani icho, mukundisokonezera nambala."

"Lemba momwemo," anatero. "Nanga si ine ndemwe?"

Ndinalemba momwemo. Anatsika pa sikelo pang'onopang'ono atagwira khoma, ine n'kudikira funso la tikiti lija, cholembera chili m'manja. Anakonza chipewa, n'kufunsa kuti kodi aneba aja basi yawo amaweruka nayo nthawi yanji.