Ndinawotcha Khadi ya Achimwene Ake a Mwawi

Anzanga, ine ndi Mwawi tinakumana chifukwa cha kompyuta yokalamba.

Inali ya bambo, tinabwera nayo ku Mzuzu atawasamutsa pantchito kuchokera ku Dedza. Ukatsegula gemu ya mpira, osewera ankathamanga ngati ali m'matope. Nditasunga kandalama ka maganyu ojambula zithunzi pamaukwati, ndinaikweza pa njinga ya kabaza, imene kuno amati sacramento, kuchokera ku Katoto mpaka pa kashopu kokonza makompyuta m'tauni.

"Monire," anandilonjera m'Chitumbuka mtsikana wa pakauntala, sikuludiraiva ili m'manja. "Tikuthandizeni chiyani?"

"Ndikufuna graphics card yaikulu, khadi yothamangitsa magemu ija, sisi. Yoti anzanga azilira."

Anatsegula bokosilo, kusuzumira, n'kuphulika kuseka.

"Yayi bwana! Bajeti yanuyo siyifika. Yambani ndi SSD kuti izidzuka msanga, RAM ifike 16. Koma ndalama yambiri ipite ku power supply."

"Kabokosi kosaoneka kaja?"

"Komweko. Ndi kamene kamagawira magetsi zipangizo zonse. Kotchipa kakamafa sikafa kokha, kamatenga anzake. Kabwino mumakadziwa ndi kulemera."

Za kulemerazo sindinazimve bwino anzanga. Ndinkayang'ana kampata ka m'mano ake.

Ndinapempha nambala, ati yofunsira mitengo. Mitengo yake iti! Pakutha mwezi ndinali ndikumuperekeza kwawo ku Chibavi, ambulera imodzi, tikukangana za RAM. Ankanditcha "kasitomala wovuta". Ndinamukonda Mwawi, ndipo sindinabise.

Tsiku lina anabwera kunyumba atanyamula kanthu kokulunga m'chitenje. Inali graphics card, yakale koma yosamalika.

"Inali ya achimwene anga, a Tumbikani," anatero. "Ndi amene anandiphunzitsa ntchitoyi. Anamwalira pangozi zaka ziwiri zapitazo. Zinthu zawo zonse tinagulitsa, ine ndinabisa iyi yokha."

"Mwawi, sindingatenge..."

"Tenga. Ndatopa kuiona ili m'sutikesi, ndikufuna kuimva ikulira. Koma Luso, please, ugule power supply imene ndakulemberayi. Kushopu kwathu yatha, ukayang'ane kwina. Iyi yomweyi, wamva?"

Ndinalumbira.

Ndiye kunabwera mnzanga Gomezgani, katswiri wa chilichonse.

"Aise, power supply imaoneka pa status ya WhatsApp? Pali mkulu wina pa Facebook akugulitsa ya theka la mtengo, ma watts omwewo. Chenji ugule mafani owala aja, setup iphe anthu!"

Ndisamunamizire Gomezgani. Iye anangoyankhula, wopita kukagula ndinali ine. Nditainyamula ndinamva ndithu kuti ndi yopepuka ngati chitini chopanda kanthu. Ndinakayikira, koma maso anali pa mafani. Ndinaimanga ndekha lisanafike tsiku loti Mwawi abwere, chizindikiro chake ndinachilozetsa kukhoma la mkati.

Atabwera kudzaika khadi ija anandifunsa, "Wagula ija ndinalemba?"

"Yomweyo, babe."

Sanasuzumire n'komwe. Munthu amene amafufuza kasikuluwu kalikonse ka kasitomala, ine anangondikhulupirira. Titayatsa, khadi inayamba kulira pang'onopang'ono, iye n'kuika dzanja pabokosi, misozi ili mbwembwembwe.

"Ndi sound yomweyi," anatero. "Yewo chomene, Luso."

Tinasangalala masabata atatu.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi tinali tikusewera mpira pakompyuta, iye akundichinya zigoli zitatu kwa duu. Magetsi anathima. Pasanathe mphindi anabweranso, ine n'kuyatsa msanga kuti ndibweze zigoli.

Phwaa!

Kautsi, kenako fungo la pulasitiki yopsa.

Mwawi anazula chingwe kukhoma, kutulutsa sikuludiraiva m'chikwama, n'kugwada. Anachotsa khadi ija. Pakona panali patada bii. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anamasula power supply n'kuiyeza m'dzanja.

Sanafunikenso kuwerenga chizindikiro.

"Luso, ichi n'chiyani?"

"Ndimafuna kukuuza... ndikugulira khadi ina, yoposa iyi."

"Ina? Ukaigula kuti ya a Tumbikani?"

Anaimirira, khadi ija ili m'manja, n'kupitiriza.

"Ukanandiuza kuti ndalama yachepa, tikanadikira. Khadi ikanakhala m'sutikesi mwezi wina, palibe akanafa. Koma ndinakufunsa, iwe n'kundiyang'ana m'maso. Ndinaiika ndi manja angawa chifukwa cha mawu ako."

Anaikulunga m'chitenje chomwe chija n'kutuluka. Sanamenyetse chitseko. Bola akanamenyetsa.

Mafoni sanayankhe. Mameseji anathera pa ma blue tick. Ndinagulitsa mafani aja, amene sanapse n'limodzi lomwe, n'kuonjezera za maganyu mpaka ndinagula power supply yeniyeni ija. Ndinapita nayo kushopu ngati umboni, kapepala kake kali m'thumba.

Anailandira, kuiyeza m'dzanja, n'kugwedeza mutu.

"Iyi ndi yabwino, bwana. Ikukhalitsani." Anandibwezera. "Pali china choti tikuthandizeni?"

"Mwawi, chonde..."

"Wotsatira!"

Kumbuyo kwanga kunalibe munthu, anzanga.

Lero kompyuta ikuyaka bwinobwino, yopanda khadi, ndipo sindiseweranso mpira. Ena mumandifunsa ku inbox kuti pa bajeti yochepa muyambe kugula chiyani. Yankho ndi lomwe anandipatsa tsiku loyamba lija: SSD, RAM, ndi power supply yolemera. Zowalawala zidikire.

Ndipo munthu akakupatsani chinthu chokhacho chimene anatsala nacho, n'kukufunsani funso limodzi, muuzeni zoona. Ine ndinapulumutsa ndalama ya mafani atatu, n'kutaya Mwawi.