Nyemba za Amayi ndi Masamba a Nthochi

Chaka chimene ndinali Fomu 2, mvula ya ku Misuku inatinamiza. Inagwa bwino, anthu n'kubzala, kenaka inangoti zii. Akuluakulu ankati chibadwire sanaonepo mapiri aja akudzuka opanda nkhungu. Kamtsinje ka kumunsi kwa nyumba yathu kanatsala zithaphwi zokhazokha.

Bambo anali mphunzitsi, ndipo tinapita kumeneko kuchokera ku Ntcheu. Amayi anatenga kambewu ka nyemba zakwathu, zofiira zamawangamawanga. Chaka chimenecho anabzala zonse kuseri kwa nyumba, osasungako ndi imodzi yomwe. Zikanafa, mtundu wake ukanathera pomwepo.

Nditabwera kutchuthi ndinapeza zitayamba kufota. Amayi ankakhalira kupita kokonzekera magule a chipani, choncho kamundako anandisiyira ine. Ndikathirira, nthaka inkauma ndisanatule n'komwe ndowa. Mayi wina woyandikana nafe, mlimi wa khofi, anati tichite zimene amachitira mbande zake: kudula masamba ndi makungwa a nthochi n'kufunditsa nthaka. Tinagwira ntchitoyo tikuimba, ndipo utomoni wa nthochi sunachokenso pa diresi langa.

Koma masiku amenewo a chipani ankayendera ukhondo m'makomo. Pabwalo pankafunika posesa bwino, zinyalala zonse zotentha. Tsiku lina anatulukira a tcheyamani a nthambi, mlamu wake wa mayi wa khofi uja. Anali okonda nthabwala, komabe akanena chinthu linali lamulo.

"Monire, mwana wa asambizgi!" anatero, kutanthauza mwana wa aphunzitsi, akuloza masamba a nthochi aja. "Kodi kusekondaleko amakuphunzitsani kuunjika zinyalala? Katenge machesi."

Ndinagwada. "Yewo, bambo. Koma musanatenthe, tapisani kaye dzanja pansipo."

Anawerama akudandaula za msana, n'kupisa dzanja m'masambamo. Linatuluka lonyowa, nyongolotsi itadzikulunga pa chala. Anaikutumula akulumpha ngati aponda moto. Mayi wa khofi uja anaseka mpaka kukhala pansi.

"Alamu, musaithawe! Nayonso ifunseni khadi la chipani!"

"Iwe mlamu, pakamwa pakopo padzandimangitsa," anatero akucheukacheuka, kuseka kukuwakanika kubisa. Kenaka anatembenukira kwa ine. "Chabwino, ine zinyalala sindinazione. Ndaona bulangete la nyemba. Koma zikakhwima, kambewu kanga kakhalepo, wamva?"

Mvula inabwerera mochedwa kwambiri, chimanga cha anthu ambiri chitapserera kale. Nyemba za amayi zinapulumuka, ngakhale mizere ya m'mphepete inafa. Tikumenya nyembazo, amayi ankavina okha gule wa chipani uja ndi lichero m'manja, ndipo mbale yoyamba anandituma nayo kwa mayi wa khofi, yachiwiri kwa a tcheyamani.

Dzinja lotsatira ndinadutsa pakhomo pa a tcheyamaniwo. Kutsogolo kunali kosesa mbee. Kuseri, nyemba zathu za ku Ntcheu zinali biriwiri, zitafunda masamba a nthochi.